Chifukwa chake batire la kumsasa limatha usiku wachitatu ngakhale dzuwa likuwala

Alamu anga a ku Mufakose, mu Harare, ndi munthu wa mbedza. Ogasiti akangolowa amakoka kakalavani kawo kakale kupita ku damu la Manyame, lomwe ambirife timalitchulabe kuti Darwendale, n'kukamanga msasa m'mbali mwa madzi masiku anayi kapena asanu. Ulendo wina anabwerako nkhope ili yakugwa. Nsomba anapha zambiri, koma theka lake anataya chifukwa filiji inazima usiku wachitatu.

"Alamu," anatero akutsitsa batire pakhonde panga, "si inu munati sola iyi ndi ya ma watt 100? Dzuwa linali phwee masiku onse, mtambo ngakhale umodzi. Nanga magetsi anapita kuti?"

Magetsiwo sanathawire kwina. Sanalowe okwanira kuchokera tsiku loyamba, ndipo batire linkangobisa ngongoleyo mpaka pamene linalephera.

Ife a mu Harare timadziona ngati akatswiri a sola. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo chakumapeto kwa 2022 madzi atatsika kwambiri ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, tinabwereranso mumdima womwewo. Madenga a ku Highfield, Mbare ndi Dzivarasekwa adadzaza mapanelo. Koma sola ya panyumba ili ndi mthandizi amene timamuiwala: magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya dziko lino, akabwera pakati pa usiku amadzaza batire mwakachetechete, n'kukwirira kuperewera konse kwa masana. Kutchire kulibe wotikwiririra. Chimene panelo yalowetsa ndicho chokhacho chimene mudye.

Tiyambe ndi kuwerenga, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Ma volt ali ngati mphamvu imene ikukankha madzi mu paipi, ma amp ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa, ndipo mukachulukitsa ziwirizi mupeza ma watt. Chipangizo cha ma watt 10 chikayaka ola limodzi chadya 10Wh. Batire lolembedwa 12V 100Ah ndiye kuti, mukachulukitsa 12 ndi 100, limasunga pafupifupi 1,200Wh. Lioneni ngati nkhokwe. Koma ngati ndi batire la mtovu, lija la asidi kapena abale ake a AGM ndi gel, theka la chimanga cha m'nkhokwemo ndi mbewu, si chakudya. Mukhoza kudya mbewuyo njala ikavuta, koma mukazolowera, batire limene likanakutumikirani zaka zingapo limatha m'miyezi. Choncho chakudya chenicheni ndi 600Wh basi.

Tinakhala pansi ndi alamu n'kulemba zimene ankayatsa. Filiji yawo ya 12V imakoka pafupifupi ma watt 45 injini yake ikamalira, ndipo sikuti imalira nthawi zonse. Imayaka n'kuzima, imayaka n'kuzima; tinaika maola 10 pa tsiku, ndiye 450Wh. Mababu a LED madzulo, 40Wh. Mafoni anayi, awo ndi a anzawo, pafupifupi 60Wh. Zonse pamodzi 550Wh pa tsiku. Panelo yawo, momwe anaiikira, sinkabweza zoposa 300Wh. Tsiku lililonse nkhokwe inkatsika ndi 250Wh. Gawani 600 ndi 250, muona kuti usiku wachitatu unali wolembedwa kale asananyamuke ku Mufakose. Filiji zamtunduwu zimadzizimitsa zokha ma volt akatsika kwambiri, ndipo yawo inangochita ntchito yake.

Funso lalikulu n'lakuti, panelo ya ma watt 100 pa dzuwa la Zimbabwe ingabweze bwanji 300Wh yokha?

Nambala ya pa chikalata chomata kumbuyo kwa panelo imayezedwa kufakitale, kuwala kuli ma watt 1,000 pa sikweya mita imodzi, kukumenya panelo molunjika, panelo yokhayo ili pa madigiri 25. Kunja zinthu zitatuzi sizikumana kawirikawiri. Dziko lathu lili ndi dzuwa labwino zedi: mukasonkhanitsa kuwala kwa tsiku lonse kumafanana ndi maola 5 kapena 6 a dzuwa lamphamvu chotere, ochulukirapo mu Seputembala ndi Okutobala, ochepa masiku a mitambo a Januwale. Maola 5 pa panelo ya ma watt 100 ndi 500Wh papepala. Kuchokera pamenepo aliyense amayamba kudulapo msonkho wake.

Woyamba kudula ndi mayang'anidwe. Harare ili pafupifupi madigiri 18 kummwera kwa equator, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America ndipo amati panelo iyang'ane kummwera. Kwathu kuno n'zosiyana. Chakumapeto kwa Juni, dzuwa la 12 koloko limangokwera madigiri 49 okha kuchokera pansi, mbali ya kumpoto. Panelo yogona chagada padenga la kalavani imataya pafupifupi gawo limodzi mwa anayi pa nthawi yomwe ikanakolola kwambiri, ndipo m'mawa ndi madzulo imataya zoposa pamenepo. M'nyengo yozizira iimikeni mopendekera madigiri ngati 40 kuyang'ana kumpoto. Pofika pakati pa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mu Disembala limapitirira pang'ono kummwera, ndiye nthawi imeneyo kuigoneka n'kolondola.

Apa ndi pamene panelo yonyamula imaposera yokhomera padenga. Mukhoza kuitembenuza. M'mawa iyang'ane kummawa, masana kumpoto, dzuwa likapendeka muilozetse kumadzulo. Katatu pa tsiku n'kokwanira. Simufunika kampasi. Tengani chikho kapena kachitini, mukhazike pagalasi la panelo, mutembenuze mpaka mthunzi wa chikhocho utabisala pansi pake. Mwalunjika.

Ubwino wachiwiri ndi waukulu kuposa woyambawu, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndimalimbikitsira anthu kugula yonyamula. Munthu akafika pamsasa amafunafuna mtengo. Galimoto pamthunzi, tenti pamthunzi, filiji pamthunzi, ndipo n'zoyenera, chifukwa filiji yokhala m'galimoto yotentha imalira kosalekeza. (Mawu akuti msasa amandiseketsa kuno: kwa ife ndi pogona pa ulendo, kwa anansi athu Achishona ndi mtengo, ndipo nthawi zambiri timamanga msasa pansi pa msasa.) Koma panelo ikakhomeredwa padenga imalowa nawo mumthunzi. Yonyamula mumaikokera kunja padzuwa ndi waya, inu n'kukhala pozizira.

Mthunzi anthu amaupeputsa. Amaganiza kuti ukaphimba kachigawo kakang'ono, magetsi achepa pang'ono chomwecho. Ayi ndithu. Panelo wamba ya 12V ili ndi timabokosi 36 tolumikizana mndandanda umodzi, ngati anthu opatsirana njerwa pomanga tchalitchi. Mmodzi akafooka, mzere wonse umayenda pa liwiro lake. Opanga amaikamo tizipangizo totchedwa ma diode tolambalalitsa chigawo chophimbika, koma pa panelo yaing'ono kulambalala theka kumatsitsa ma volt mpaka osakwananso kukankhira mu batire. Nthambi imodzi, chingwe cha tenti, ndodo ya mbedza yotsamira, chitosi cha mbalame, zonsezi zikhoza kugwetsa zokolola ndi theka kapena kuposa. Amene anafikako ku Mana Pools akudziwa mitengo ya nsangu ya m'mbali mwa Zambezi, imene imachita zosemphana ndi inzake: imayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphuka m'chilimwe, nthawi yomwe alendo amapitako. Mthunzi wake ndi wokoma, koma umayenda. Pamalo pamene panali dzuwa 9 koloko, pofika 11 pali mawangamawanga. Fumbi nalo limadya gawo lake, makamaka Seputembala. Kansalu konyowa m'mawa uliwonse kamathetsa nkhaniyo.

Kenako kutentha. Zimadabwitsa ambiri kumva kuti panelo imakonda kuwala koma imadana ndi kutentha. Digiri iliyonse yopitirira 25 imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Panelo yakuda padzuwa imafika madigiri 60 mosavuta, ndiye 14 peresenti yapita. Kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala, kumene mpweya wokha umadutsa madigiri 40, mumamenyedwa mbali ziwiri: panelo ikubweza zochepa, filiji ikudya kawiri. Musaiyale pa boneti yotentha kapena pamchenga; pansi pake pazidutsa mphepo.

Msonkho wina umadulidwa ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire, controller, ena amati regulator. Sikosankha kukhala nako kapena ayi. Panelo yotchedwa ya 12V imatulutsa ma volt 21 kapena 22 ikakhala yosalumikiza, ndipo mukailumikiza mwachindunji idzadzaza batire n'kupitiriza mpaka madzi a mkati atawira n'kuuma. Ma controller alipo amitundu iwiri. Yotchipa, ya PWM, kwenikweni ndi switchi yothamanga: imalumikiza panelo ku batire, ndiye panelo imakakamizika kutsika kufika pa ma volt a batire. Panelo ya ma watt 100 imagwira bwino pa ma volt 18 ndi ma amp pafupifupi 5.5. Ikakokeredwa pa ma volt 13, ma amp amakhala omwewo, ndipo 13 kuchulukitsa ndi 5.5 ndi ma watt 72. Enawo sanabedwe ndi munthu, angosiyidwa m'munda osakololedwa. Ya MPPT imalola panelo kugwira pa ma volt ake, kenako imasandutsa ma volt otsalawo kukhala ma amp owonjezera. Phindu lake limaoneka kwambiri kukazizira komanso batire likakhala lotsika. Panelo ikatentha kusiyanako kumachepa chifukwa ma volt ake amatsika okha. Pa kapanelo kotchajira mafoni ndi mababu, PWM ndi yokwanira, musawononge ndalama. Pakakhala filiji, ine ndimati MPPT.

Pali chinthu chimene chafala mu Harare chifukwa mapanelo akuluakulu a padenga, a ma watt 400 mpaka 550, atsika mtengo. Munthu amatenga imodzi kupita nayo kutchire n'kuilumikiza ku controller ya PWM ndi batire la 12V. Mapanelo amenewa amatulutsa ma volt 37 mpaka 50. PWM idzawakokera pa 13, ndipo mudzakolola gawo limodzi mwa atatu, ngati controller yokhayo siipsa. Amafuna MPPT, ndipo muwerenge malire a ma volt olembedwa pa bokosilo, mukumbukirenso kuti m'mawa wozizira ma volt a panelo amakwera kuposa olembedwa.

Waya ndi amene amandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndi pamene anthu amasungira ndalama. Pa 12V volt imodzi ndi chuma. Tiyerekeze mwaika mapanelo a ma watt 200 pa mtunda wa mamita 10, akutumiza ma amp 11. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye waya ndi wa mamita 20. Waya wonenepa 2.5mm² adzadya pafupifupi volt imodzi ndi theka panjira. Wa 6mm² adzadya 0.6. Tsopano onani msampha wa mapanelo opinda ngati sutikesi: ambiri amabwera controller itamatidwa kumbuyo kwa panelo. Iyo imaona ma volt 14.4 pamene yakhalapo n'kuganiza kuti batire layandikira kudzaza, pomwe kumapeto kwa waya batire likulandira 13 yokha. Imayamba kuchepetsa moto ndiwo zisanapse. Ichotseni pamenepo, muiike pafupi ndi batire, waya wautali akhale pakati pa panelo ndi controller. Ngati muli ndi MPPT ndi mapanelo awiri ofanana, kuwalumikiza mndandanda kumawirikiza ma volt n'kudula ma amp pakati, ndipo zotayika mu waya zimatsika kufika pa gawo limodzi mwa anayi. Kuipa kwake n'kwakuti mthunzi pa imodzi umavutitsa zonse ziwiri.

Batire la mtovu lili ndi khalidwe lina limene limapusitsa. Silidzaza pa liwiro limodzi. Likakhala lanjala limameza chilichonse chimene panelo ikupereka mpaka litafika cha m'ma 80 peresenti. Kuchokera apo controller imagwira ma volt pa 14.4 kapena pafupi, ma amp n'kumatsika pang'onopang'ono kwa maola awiri, atatu, nthawi zina anayi. Zili ngati kuthira chimanga m'thumba: poyamba mumangokhuthula, koma chakukamwa muyenera kugwedeza ndi kutsendera. Likadzaza, controller imatsikira cha pa 13.6 kungolisunga. Tanthauzo lake n'lakuti kudzaza batire la mtovu kumafuna nthawi, osati mphamvu yokha. Ngati gawo loyamba lija latha 3 koloko madzulo, lachiwiri silimaliza dzuwa lisanalowe. Ndipo batire limene likugona losadzaza tsiku ndi tsiku limamera timiyala ta sulphate pa mbale zake za mkati, timene tikauma sitisungunukanso. Nkhokwe imachepa osaoneka. Ndi chifukwa chake mukabwerera kunyumba muyenera kulitchaja mpaka kudzaziratu tsiku lomwelo, osati kuliponya m'galaja mpaka ulendo wina.

Musakhulupirire nambala ya masana. Dzuwa lili pamutu mita yoyezera ma volt idzaonetsa 13 kapena 14 ngakhale batire lili theka, chifukwa mukuwerenga mphamvu ya panelo. Nthawi yoona ndi mbandakucha, filiji itapuma kanthawi. Pa batire la mtovu 12.7 ndi lodzaza, 12.2 ndi theka, 12.0 mwayamba kudya mbewu. Lembani nambalayo m'mawa uliwonse. Ikamatsika tsiku ndi tsiku, mwadziwa ngongole isanakule. Ndipo batire lolizira injini si la ntchito imeneyi. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa, mbale zake n'zopyapyala, ndipo kulitsitsa usiku uliwonse kumalipha msanga. Funani lolembedwa deep cycle.

Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 asintha zambiri mwa izi. La 100Ah limalemera makilogalamu 12 kapena 13 pomwe la mtovu limayandikira 30. Mukhoza kudya 80 kapena 90 peresenti popanda kulivulaza, limameza magetsi mwachangu mpaka pafupi ndi kukamwa, ndipo silidandaula kugona losadzaza. Kwa munthu wodalira dzuwa zimenezi n'zazikulu. Koma lili ndi malamulo ake. Controller iikidwe pa lithium, ndipo njira ija yotchedwa equalise, yokweza ma volt kuti isakanize asidi wa batire la mtovu, izimitsidwe. Ma volt ake sasuntha kwenikweni, amakhala cha pa 13.2 kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi, choncho mita wamba siikuuzani zambiri. Pamafunika kamita kowerenga ma amp olowa ndi otuluka. Chinanso, salitchaja likazizira kufika pansi pa digiri 0. Mu Harare zimenezi sizidetsa nkhawa kawirikawiri, koma ku Nyanga, kufupi ndi phiri la Nyangani lotalika mamita 2,592, m'mawa wa Juni ndi Julaye udzu umayera ndi chisanu. Panelo imadzuka ndi kuwala koyamba batire lidakali lozizira. Mabatire abwino ali ndi kabongo ka mkati, BMS, kamene kamakana kutchaja pa nthawi yotere, koma si onse amene ali nako. Lisungeni mkati mwa galimoto kapena kalavani, osati pabwalo.

Za ketulo ndinene mwachidule. Ketulo ya magetsi imakoka ma watt 2,000, ndipo kudzera mu inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, pa 12V ndi ma amp oposa 170. Tiyi aphikidwe pa gasi kapena pa mbaula. Inverter yokhayo imadya ngakhale palibe chimene mwalumikiza, ndiye muziizimitsa, mafoni muzitchajira pa soketi ya 12V.

Galimoto nayo ndi gwero. Mukamayenda, alternator, chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira, ikhoza kudzaza batire la kumsasa, koma pakhale chida cholekanitsa mabatire awiriwo injini ikazima, kuti filiji isamwe batire lolizira n'kukusiyani pakati pa tchire. Pa galimoto zatsopano zimene alternator yake imatsitsa ma volt yokha, komanso pa lithium, chofunika ndi tchaja ya DC-DC, imene imatenga magetsi a galimoto n'kuwapereka ku batire la kumsasa pa ma volt oyenera.

Polumikiza, yambani batire ku controller, panelo pambuyo. Pomasula, panelo iyambe kuchoka. Ma controller ambiri amazindikira ngati ali pa 12V kapena 24V poona batire, ndipo ena amawonongeka akalandira panelo yokha. Fyuzi ikhale pa waya wa positive, pafupi kwambiri ndi batire. Panelo payokha siingatulutse ma amp oposa ake, koma batire, waya akakhudzana, limatulutsa mazanamazana, okwanira kufiiritsa waya ndi kuyatsa matiresi. Batire la asidi lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen likamatchajidwa, choncho lisakhale m'bokosi lotsekeratu kapena pafupi ndi moto. Waya woyala pansi mumuike poti anthu sapunthwa usiku, ndipo kumalo a anyani ndi afisi musasiye chilichonse chotafunika panja. Panelo yonyamula imanyamulikanso ndi amene si mwini wake. Katcheni ndi loko n'zotchipa.

Pogula, tengani tepi yoyezera. Mapanelo a masiku ano amapereka pafupifupi ma watt 200 pa sikweya mita imodzi, ndiye ya ma watt 100 iyenera kukhala cha pa theka la sikweya mita. Mukaona kapanelo konga thireyi ya tiyi katalembedwa 300W, chikalatacho chikunama, kaya wogulitsa alumbire motani. Ine ndinagwapo kamodzi m'shopu ina m'tauni, ndipo kuyambira pamenepo ndimapempha kutulutsa panelo padzuwa n'kuyeza ma volt ndi ma amp ndi mita yanga ndisanatulutse chikwama.

Alamu anawonjezera panelo yachiwiri ya ma watt 100, tinagula MPPT ya ma amp 20 n'kuikhomera pambali pa batire, waya wa 6mm² mamita 8, ndipo mnyamata wina wowotcherera ku Magaba, mu Mbare, anawapangira miyendo yopinda. Pa maola 5, titachotsa gawo limodzi mwa anayi ngati misonkho yonse ija, zimabweza pafupifupi 750Wh pomwe iwo amadya 550. Batire lakale lija silinachire, linali litamera kale miyala, anagula lina. Ulendo wotsatira ananditumizira uthenga tsiku lachinayi m'mawa: mita ikuonetsa 12.4, nsomba zili gwaa, koma akudandaula kuti nthawi yotembenuza mapanelo masana imakumana ndi nthawi imene nsomba zayamba kudya, ndiye ntchitoyo aipereka kwa mdzukulu wawo pa malipiro a nsomba imodzi ya bream patsiku.